Kodi namwino angagonetse munthu pa opaleshoni?

Mayi a Tadala, Chilomoni: Mwaswera bwanji nonse. Funso langa likupita kwa achipatala omwe muli pagulu pano. Mng'ono wanga ndi namwino, wakhala akugwira ntchito ku wodi ya odwala mwakayakaya, nde pano akuti akufuna akaphunzire zogonetsa anthu pa opaleshoni, wamva kuti ku Kenya amaphunzitsa anamwino zimenezi. Kunyumba nkhani yavuta, bambo athu akuti imeneyo ndi ntchito ya madokotala, ukangolakwitsa pang'ono mwana wa eni ake osadzuka udzathera ku Chichiri. Amayi akuti bola angopitiriza za uzamba. Kodi ntchito imeneyi namwino angaikwanitse?

Bambo Kachingwe, Ndirande: Bambo anuwo akunena zoona amayi. Mankhwala ogonetsa si panado. Ife takula tikumva kuti uje anapita ku thiyeta akuyankhula bwinobwino koma sanadzuke. Zimenezi azisiyire madokotala enieni omwe anakhala zaka zambiri ku koleji.

Limbani: A Kachingwe ndikupatseni ulemu wanu koma ndiloleni ndiyankhe chifukwa ntchito imeneyi ndi imene imandidyetsa. Ine ndine clinical officer wa anaesthesia, kutanthauza zogonetsa anthu pa opaleshoni, anzathu amangoti ACO, ndimagwira pa chipatala cha boma lina la kuno kummwera. Ngati inuyo kapena mbale wanu anachitidwapo opaleshoni pa chipatala cha boma muno m'Malawi, makamaka cha kuboma, pafupifupi mosakayika amene anakhala kumutu kwake sanali dokotala, anali munthu ngati ine. Madokotala omwe anaphunzira za anaesthesia mpaka kukhala akatswiri alipo koma ndi ochepa kwambiri ndipo ambiri ali m'zipatala zikuluzikulu. Bungwe la dziko lonse la madokotala ogonetsa, WFSA, limanena kuti pa anthu 100,000 pazikhala madokotala otere osachepera 5. Werengani nokha, dziko la anthu 20 miliyoni likufunika 1,000. Tikati tidikire mpaka akwane, mayi wa ku Neno kapena ku Nsanje amene mwana wapingasa usiku uno adikira ndani?

Bambo Kachingwe, Ndirande: Pepani achimwene, ine ndimayesa aliyense wovala zobiriwira mkati muja ndi dokotala.

Limbani: Ambiri amaganiza choncho bambo. Sukulu yathu ili pa Gulupu pompano, pa chipatala cha Queens, Malawi School of Anaesthesia, inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 nthawi imene dokotala wa ku Britain Paul Fenton ankagwira ntchito pa Queens. Nthawi imeneyo olo College of Medicine kunalibe, inatsegulidwa mu 1991. Ndiye kuti dziko lino linayamba kudalira anthu omwe si madokotala pa ntchito imeneyi tisanayambe n'komwe kusula madokotala athu kuno.

Esnart, Minnesota: Moni a kwathu, kuno kudakali m'mawa. Mayi a Tadala muuzeni mng'ono wanuyo asagwe mphwayi. Kuno ku America anamwino ogonetsa amawatcha ma CRNA ndipo ndi anthu olemekezeka heve, m'zipatala za kumidzi nthawi zambiri ndi iwowo amene amagwira ntchitoyi chifukwa madokotala amakonda m'tauni, chimodzimodzi kwathu. Ndipo sizinayambe dzulo ayi. Konkuno ku Minnesota, ku Rochester komwe kuli Mayo Clinic, kunali namwino dzina lake Alice Magaw yemwe ankagonetsa odwala a madokotala apachibale aja a Mayo, mu 1906 analemba lipoti la anthu oposa 14,000 omwe anawagonetsa popanda olo mmodzi womwalira chifukwa cha mankhwala ogonetsa. Nthawi imeneyo kunalibe makina onsewa, amangodonthezera mankhwala ogonetsa otchedwa ether pa kansalu kophimba pakamwa ndi mphuno akuyang'anitsitsa mmene munthu akupumira. Bungwe la anamwino ogonetsa kuno ku America linakhazikitsidwa mu 1931, anatsogolera ndi namwino wina Agatha Hodgins.

Esnart, Minnesota: Koma ndisanamize, njira yake ndi yaitali. Uyambe wakhala ndi digiri ya unamwino, ugwire ku ICU, wodi ya odwala mwakayakaya ija, chaka chimodzi kapena kuposa, kenako sukulu ina zaka zitatu, ndipo panopa akufuna kuti aliyense womaliza atuluke ndi doctorate. Ineyo ndili ku ICU ndipo ndikuganizira zomwezo koma fizi yake imafuna kupemphera.

Dalitso, Bangwe: Ine ndifunse mwaumbuli, kodi chovuta ndi chani pamenepo? Ine atandigunda pa kabaza ku Limbe anandiika chitsulo m'mwendo, bambo wina anangondibaya kamodzi pamsana basi miyendo dzanzi, kenako anangokhala pampando kumutu kwanga mpaka kumaliza. Amene anatuluka thukuta ndi amene ankaboola fupa uja.

Limbani: Aise Dalitso, unamuona atakhala chifukwa zonse zinayenda bwino, ndipo zinayenda bwino chifukwa iyeyo anali pamenepo. Ndikuuze zimene zimachitika pampando umenewo. Jakisoni wa pamsana uja, spinal, timabaya kumunsi kwa msana pakati pa mafupa, pansi pa pomwe mtsempha waukulu wa msana umathera, mpaka singano ifike pa madzi ozungulira minyewa, ukaona kadontho koyera kakutuluka nde umathira mankhwala, nthawi zambiri bupivacaine, ochepa kwambiri osadzadza olo supuni ya tiyi. Mankhwala amenewo samangoletsa ululu, amamasulanso mitsempha ya magazi ya kumunsi konse, nde BP imagwa, pena imagwa mwamphamvu pa mphindi zochepa zoyambirira. Kwa mnyamata ngati iwe thupi limadzigwira. Koma tenga mayi woyembekezera amene wabwera pa ambulansi kuchokera ku health centre, wakhala pa matenda tsiku lonse, sanadye, wataya magazi panjira, chiberekero cholemera chikupsinja mtsempha waukulu wobweza magazi kumtima akagona chagada. Ukangomaliza kubaya umamugoneka mopendekera kumanzere pang'ono, diripu ikuthamanga, ephedrine wokwezera BP uli naye kale mu sirinji, maso ali pa BP mphindi iliyonse. Akangoti "adokotala ndikumva nseru" ine ndimadziwa kuti BP yatsika makina asanandiuze. Akati manja akuchita dzanzi kapena mawu ayamba kuchepa ndiye kuti mankhwala akwera kwambiri kulowera kuchifuwa ndipo mwina ndiyenera kumupumira ine. Wopanga opaleshoni sangaone zimenezi, maso ake ali m'mimba, pakati pathu pali nsalu.

Limbani: Nanga tikagonetsa munthu yense, tulo tenitenito. Timapereka mankhwala oti minofu yonse ilefuke ndipo munthu amasiya kupuma yekha, dala. Kuyambira pamenepo uli ndi mphindi zochepa kuti ulowetse chubu pakhosi mu njira ya mpweya, osati ya chakudya, zili moyandikana. Munthu wonenepa, wa khosi lalifupi, wa chotupa pakhosi, mayi wotupa ndi BP ya mimba, pena umasuzumira osaona polowera. Apa palibe nthawi yoimbira foni munthu ku Blantyre.

Dalitso, Bangwe: Mmmm ayi ndamva achimwene. Nde kaja kanali pachala kamangolira tii tii kaja?

Limbani: Kameneko ndi pulse oximeter, kamayeza mpweya wa okosijeni m'magazi ndi kugunda kwa mtima. Munthu wabwinobwino amakhala pa 95 kukwera. Okosijeni akamatsika kaliridwe kake kamasintha, kamanka kalira mabesi, nde olo nditatembenuka kukoka mankhwala khutu limakhala pomwepo. Kale ma thiyeta ambiri mu Africa analibe kachipangizo kameneka, umadikira milomo ya munthu isinthe mtundu, ndipo pa khungu lathu lakudali ukamaona ndiye kuti nthawi yatha kale. Bungwe la Lifebox lomwe linayamba mu 2011 lagawa tambiri m'maiko ngati athu, tachikasu tija.

Mayi Nachisale, Zingwangwa: Poti mwatchula jakisoni wa pamsana ndifunseko. Ana anga awiri ndinabereka pa opaleshoni ndipo msana umandipweteka mpaka lero, azimayi kumpingo amati ndi jakisoni ameneyo amapundula. Mwana wanga wamkazi ali ndi pakati ndipo wanenetsa kuti akamuuza za opaleshoni akana wa pamsana, bola amugonetse yense.

Sisita Chikondi: Mayi Nachisale chonde muuzeni mwanayo asakane. Ine ndine mzamba ndipo ndakhala nthawi yaitali ku thiyeta ya amayi. Pamalo pobayidwa pamatha kupweteka masiku angapo, ndipo ena mutu umawawa akakhala tsonga n'kusiya akagona, zimenezo zimachitika ndipo zimatha, akauze anamwino. Koma msana wopweteka zaka ndi zaka umapezekanso mwa amayi omwe anabereka bwinobwino osabayidwa, mimba yeniyeniyo imakoka msana, kubereka mwana kumbuyo, mtolo wa nkhuni, ndowa pamutu, kuchapa chowerama. Kwa mayi woyembekezera spinal ndi yotetezeka kuposa kugonetsedwa yense, chifukwa amapuma yekha, zam'mimba sizibwerera kukalowa m'mapapo, mwana salandira mankhwala ambiri, ndipo amamva kulira kwa mwana wake pompo. Pali nthawi zina zomwe wogonetsa amasankha yekha kuti spinal ayi, monga ngati mayi wataya magazi ambiri zedi kapena magazi ake sakuundana, koma asiyireni iwowo aone.

Mayi Nachisale, Zingwangwa: Zikomo asisita, ndimuwerengera uthengawu madzulo.

Sisita Chikondi: Koma pa funso la Mayi a Tadala ine maganizo anga ndi osiyana pang'ono ndi a Esnart. Kuti namwino angathe, angathe ndithu, ndipo ndinganene kuti namwino wa ku ICU ali kale ndi diso lomwe ntchitoyi imafuna, anazolowera kukhala ndi wodwala mmodzi maola ambiri n'kumaona kusintha kwakung'ono. Vuto langa ndi loti anamwinofe ndife ochepa kale. Usiku wodi yonse yodzadza mpaka ena pansi umapeza anamwino awiri, pena mmodzi. Nde tikatenganso ochangamuka aja kupita nawo ku thiyeta, wodwala akatuluka ku opaleshoni amulandira ndani? Kafukufuku wamkulu uja wa ASOS yemwe anachitika m'maiko 25 a mu Africa n'kutuluka mu 2018 anapeza kuti odwala athu amamwalira kawiri kuposa a kwina pambuyo pa opaleshoni, chonsecho ndi achichepere komanso opanda matenda ambiri, ndipo ambiri samafera pa tebulo ayi, amafera ku wodi masiku otsatira chifukwa palibe anaona msanga kuti zinthu zasintha. Gawo la amayi linapeza kuti imfa pambuyo pa opaleshoni yobereketsa ndi zochuluka ka 50 kuyerekeza ndi maiko olemera. Ine zimenezi zimandiwawa chifukwa ndimaziona, mayi watuluka bwinobwino ku thiyeta, chiberekero chalefuka akutaya magazi pansi pa chitenje mwakachetechete, gadiyani akuyesa wagona.

Esnart, Minnesota: Asisita mfundo yanu ndaimva koma namwino amene mwamukaniza kukwera sakhala pa wodipo mpaka kale, amachoka ndithu, ena ku ma NGO ena kunja ngati ine. Bola akhale ndi njira yokwerera ali konko. Ku Kenya chipatala cha Kijabe chinayamba kuphunzitsa anamwino ogonetsa ndipo boma linawavomereza, ali ndi dzina lawo KRNA, ambiri amabwerera kukagwira ku zipatala za kumidzi komwe anachokera. Ku Liberia nakonso anamwino ndi amene anyamula ntchitoyi. Ndipo namwino wophunzira anaesthesia amathandizanso ku HDU, komwe amasunga odwala ofunika kuwayang'anira pafupipafupi, ndi ku wodi komwe mukunenako, ndi amene amaitanidwa mwana akabanika.

Sisita Chikondi: Zoti amachoka nde zoona, m'kalasi mwathu otsala m'boma ndi ochepa. Koma ndikanakonda ayambe alemba ntchito anamwino omwe anamaliza sukulu ali pakhomo, kenako tikambe zotenga ena.

Limbani: Ine sindilimbana ndi zoti akhale namwino kapena clinical officer, tebulo silifunsa. Chimene ndimalira ndi choti tikhale okwanira ndipo tiphunzitsidwe mokwanira. Pali zipatala zina zomwe ogonetsa alipo awiri, wina akapita ku maliro kapena ku tchuthi wotsalayo ali pa kolo usana ndi usiku sabata yonse, foni pansi pa pilo. Wogonetsa akasowa thiyeta yonse imatsekedwa olo dokotala wa opaleshoni alipo, magazi alipo, zonse zilipo, mayi amakwezedwa ambulansi ulendo wa ku Queens kapena ku Zomba, ndipo mukudziwa kuti Blantyre ilibe district hospital yakeyake ngati maboma ena, odwala a ku Ndirande, Bangwe, Limbe, Chilomoni onse amathera ku Gulupu komweko, ku Chatinkha komwe amayi amachilira mzere wa opaleshoni umakhala ulipo kale.

Bambo Kachingwe, Ndirande: Nanga magetsi akazima munthu ali pa tebulo mumatani? Funso limeneli limandisowetsa mtendere.

Limbani: Jenereta imayenera kuyaka pompo, koma pakati pa kuzima ndi kuyaka pamakhala kanthawi, ndipo pena mafuta amavuta. Makina ambiri opangidwira ku Ulaya amafuna magetsi ndi okosijeni wa m'mapaipi, zikasowa amangoima. N'chifukwa chake a Fenton aja, ataona mavuto a pa Queens, anapanga makina otchedwa Universal Anaesthesia Machine, amapanga okha okosijeni kuchokera mu mpweya wamba magetsi akakhalapo, akazima umalumikiza silinda, silinda ikatha amakoka mpweya wa m'chipindamo ndipo iwe umapopa ndi dzanja. Zinandichitikirapo usiku wina tili pakati pa opaleshoni ya mwana wa matumbo opotana, mdima bii, namwino anayatsa tochi ya foni kuunikira pamimba, ine dzanja limodzi likupopa, chala cha dzanja linalo chili pakhosi pa mwana kumvera mtima, ka oximeter ka batire kakulira, ndikuwerenga mpweya uliwonse mpaka jenereta inayaka. Mwanayo anapita kwawo. Tilinso ndi ketamine, mankhwala omwe amagonetsa munthu koma n'kumapumabe yekha ndipo BP siigwa, m'zipatala za kumidzi apulumutsa anthu osawerengeka, kungoti ena podzuka amalota zoopsa n'kumabwebweta, achibale amayesa wapenga.

Dalitso, Bangwe: Amalume anga zinawachitikira zimenezo, amangoitana anthu omwe anamwalira kalekale, agogo anayamba kulira.

Sisita Chikondi: Zimatha zokha pakapita maola ochepa, ingomukhazikani pamalo a phee osamuunjirira.

Mphunzitsi Gondwe, Chirimba: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Chimene chikundikhudza ine ndi choti anthu amenewa sitiwadziwa n'komwe. Mwana wanga anachitidwa opaleshoni ku Mercy James, chipatala cha ana chija chinatsegulidwa mu 2017 pa Queens, dzina la dokotala wa opaleshoni ndimalidziwa mpaka lero ndipo tinamuthokoza, koma mayi amene anabwera dzulo lake madzulo kudzamuyeza mwana pachifuwa, kumuyang'ana kukamwa, kufunsa ngati ali ndi chifuwa kapena chimfine, amene anamunyamula m'manja mwanga pakhomo la thiyeta akumusewereza ndi kachigoba ka pamphuno kaja kuti asaope, ameneyo sindinamufunse olo dzina. Ndipo ndi amene anasunga mpweya wa mwana wanga maola onse aja. Ndinawerengapo kuti lipoti la 2015 la magazini ya zachipatala ya Lancet linati anthu 5 biliyoni padziko lapansi alibe mwayi wa opaleshoni ndi kugonetsedwa kotetezeka pa mtengo woti angakwanitse. Ife tikamva timaganiza za madokotala a mpeni okha.

Limbani: Zikomo aphunzitsi. Tsiku lathu ndi 16 October, kukumbukira tsiku la mu 1846 pomwe William Morton anaonetsa koyamba pagulu ku Boston kuti munthu angachitidwe opaleshoni atagonetsedwa ndi ether osamva ululu. Zisanachitike zimenezo anthu amachita kugwiridwa ndi amuna amphamvu dokotala akudula mothamanga.

Mayi a Tadala, Chilomoni: Ndathokoza nonse, mauthengawa ndamutumizira. Wafunsa kuti akaphunzira kunja akabwera adzaloledwa kugwira kuno?

Limbani: Asanalipire kalikonse ayambe wapita ku Nurses and Midwives Council ndi ku Medical Council of Malawi ku Lilongwe akafunse ngati pepala la sukulu imeneyo adzalilandire komanso adzalembedwa m'kaundula uti, ndipo yankho alitenge lolembedwa. Akafikenso ku dipatimenti ya anaesthesia pa Queens ndi ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS akacheze ndi aphunzitsi, amuuza njira zomwe zilipo konkuno. Ndipo apemphe kulowa ku thiyeta masiku angapo aime kumutu kwa tebulo aone ngati mtima wake ukugwirizana nazo, chifukwa tsiku lomwe zinthu zavuta umapita kunyumba osadya.

Bambo Kachingwe, Ndirande: Ine ndikadali ndi mantha anga koma ndaphunzirapo. Funso lomaliza, n'chifukwa chani mumatikaniza kudya? Mdzukulu wanga anamusiya ndi njala kuyambira usiku mpaka masana, mwana akulira, ife tinaona ngati nkhanza.

Limbani: Munthu akagonetsedwa khosi silidzitetezanso, nde ngati m'mimba muli chakudya chimatha kubwerera n'kulowa m'mapapo pamodzi ndi asidi wa m'mimba, chimaotcha mapapo ndipo munthu atha kufa. Lamulo lake ndi maola 6 osadya chakudya, maola 4 kwa mwana woyamwa bere, koma madzi oyera atha kumwa mpaka kutatsala maola 2. Kumusiya mwana mpaka masana opanda olo madzi si bwino, zimachitika mndandanda ukasokonekera chifukwa kwabwera odwala adzidzidzi, zikatero funsani namwino ngati angamweko madzi kapena amuike diripu. Chimene ndikupempha ndi chimodzi, ngati mwamupatsa kanthu nenani. Tinalandirapo mwana yemwe agogo ake anamumvera chisoni n'kumupatsa phala mobisa m'bandakucha, titafunsa onse anati sanadye, titangomugonetsa phala lonse linabwera kukamwa, tinapopa ndi makina msangamsanga koma lina linali litalowa kale, anakhala masiku pa okosijeni. Akanatiuza tikanangosuntha nthawi basi, palibe akanawakalipira.

Sisita Chikondi: Ndiwonjezere za amayi. Ngati mwamwa mwanamphepo kapena mankhwala ena achikuda kuti matenda afulumire, tiuzeni pofika pomwe. Sitikufunsa kuti tikuweruzeni, chiberekero chimatha kukoka mopitirira mpaka kung'ambika ndipo wogonetsa ayenera kudziwa kuti akonzeretu magazi ndi diripu yachiwiri. Chimodzimodzi ma ARV, mankhwala a BP, a shuga, a khunyu, bweretsani mabotolo ake ndi buku lanu la kuchipatala.

Dalitso, Bangwe: Nanga mowa ndi fodya? Chitsulo chija akuti adzachotsa mwezi wamawa.

Limbani: Unene zonse aise, mowa umamwa wochuluka bwanji, fodya wamtundu wanji olo wamkulu uja, sitikauza apolisi. Womwa kwambiri mankhwala ena amamugwira mosiyana ndipo akasiya mwadzidzidzi ali m'chipatala amatha kunjenjemera ndi kusokonezeka mutu, tikadziwa timakonzekera. Fodya siya kuyambira lero, mapapo ayere komanso bala ndi fupa zimapola msanga. Unenenso ngati uli ndi dzino logwedera kapena ngati m'banja mwanu wina anavutikapo atagonetsedwa. Andiitana ku leba wodi, mafunso ena ndiyankha mawa.